Kazenera ka Pakati pa Zikhadabo

Ine ndikamapatsana moni ndi munthu, maso anga sayambira kunkhope. Amathamangira kuzala. Anthu a kuno anazolowera. Ena amandiseka kuti ku Joni ndinakaphunzirako zolosera za m'manja, ena akandiona ndikubwera amabisa manja kumbuyo. Sindiwadandaula. Khalidweli sindinabadwe nalo, ndinalitola kumiyala, ndipo lakana kundichoka.

Anzanga amati anachoka kumudzi pothawa umphawi. Umphawi unalipo ndithu, koma ine chimene chinandinyamula ndi miyendo yanga. Sindidziwa kukhala pansi. Ndinathyolapo tiyi ku esiteti, ndinapalasapo kabaza pa Chonde, ndinapikulapo nanazi kukagulitsa ku Limbe. Chilichonse ndinkachiyamba ndi moto, pakatha miyezi pang'ono mtima uli kale pamsewu. Mkazi wanga Nagama ankati pampando panga pamakhala linthumbu.

Ndinali mkamwini pamudzi pawo, kumunsi kwa phiri. Tsiku lonyamuka ulendo wa ku Joni, Nagama anandiperekeza mpaka pasiteji, chikwama changa chili pamutu pake. Nagama masiku amenewo ankayenda ngati akukazima moto. Ine wa miyendo yaitali ndinkachita kumuthamangira m'mbuyo, iye osatembenuka n'komwe. Amalume ake, amene ndiwo eni mbumba, anatiimitsa panjira n'kundigwira dzanja nthawi yaitali.

"Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kutereleka," anatero akumwetulira. "Tiona ngati mudzabwerere, bambo."

Ndinaseka nawo, koma mawuwo ndinakwera nawo basi.

Ntchito ndinakaipeza kumalo odula miyala, kutali ndi tauni, kumene mapiri ake ndi mwala wokhawokha wopanda mtengo. Tinkadula miyala yakuda ija imene olemera amaika pamanda ndi m'makhitchini mwawo. Fumbi lake linkalowa paliponse, m'makutu, m'mano, mubuledi momwe. Ukamina madzulo zinkatuluka zonga phala la simenti. Zotseka pamphuno ankatipatsa, koma dzuwa likafika paliwombo unkayenera kusankha pakati pa fumbi ndi kubanika, ndiye ambiri tinkazitsitsira pakhosi.

Tinkagona m'nyumba zazitali za malata, pamabedi osanjikizana. Pansi panga pankagona Zuze, wa ku Milanje, kungowoloka malire pa Muloza. Phiri limene ine ndinakula ndikuliona kumaso, iye anakula akuliona kumsana, ndiye tinkakangana mpaka kutopa kuti mwini wake ndani. Ankanditcha kunyadu, ndiye kuti mlamu m'kayankhulidwe ka kwawo, ngakhale kuti mlongo woti andipatse analibe. Zuze anabwera ndi nandolo m'thumba la jekete n'kudzala kuseri kwa bafa, kumene kunkayenda madzi osambira. Anthu a kumeneko ankamufunsa kuti ndi mankhwala a chiyani. Iye ankati ndi mankhwala a kukumbuka kwanu.

Chaka chilichonse kunkabwera kalavani yoyera yodzatipima. Wopezeka bwino ankapitiriza ntchito, wopezeka ndi vuto ankamutumiza kukajambulidwa m'chifuwa, ndipo ambiri mwa amenewo sitinkawaonanso pamzere. M'kalavanimo munkakhala sisitala wina wamkulu thupi, wosakonda kuseka koma wa manja ofewa. Unkavula malaya. Iye ankakutsitsa chikope kuti aone ngati magazi ali okwanira, n'kukuuza kuti utulutse lilime. Kenako ankayala dzanja lake pamsana pako n'kumagogoda chala chake ndi chala cha dzanja linalo, khutu ali tcheru, ngati mayi wogula chivwende pamsika. Chifuwa chabwino chimalira ngati chigubu chopanda kanthu. Chifuwa chimene muli madzi kapena chotupa sichiyankha, chimangoti phi. Akatero ankakuika kachitsulo kozizira komverera m'chifuwa, n'kukupatsa paipi yoti uuzire mpaka maso achite mdima. Panalinso kanyundo kamene ankakumenya nako pansi pa bondo, mwendo n'kudumpha wokha. Zuze anamuuza sisitalayo kuti asadabwe, mwendowo unayamba kale kulakalaka kukankha kapitawo.

Chomaliza chinali chaching'ono kwambiri. Ankatiuza kuti tigundanitse zikhadabo za zala za mkombaphala, msana ndi msana, n'kuzikweza poyera. Munthu wabwinobwino, m'munsi mwa zikhadabo ziwirizo mumatsala kampata koonekera kuwala, kakang'ono ngati kambewu ka mpunga. Ine wosaugwira mtima ndinamufunsa tsiku lina kuti kodi amafunamo chiyani.

"Kazenera aka kakatsekeka, sikandiuza kuti ukudwala chiyani," anatero. "Kamangondiuza kuti ndiyang'ane m'kati, m'mapapo kapena mumtima, chifukwa mwina muli chinthu chimene chakhalitsa."

Madzulo ndinakafotokozera anzanga. Koma mukudziwa mmene nkhani imayendera pakati pa amuna oopa kuchotsedwa ntchito. Mawu akuti sikanena matenda tinawataya panjira. Tinatola akuti kazenera kakatsekeka ndiye kuti basi ya kumudzi yafika.

Kuyambira pamenepo tinakhala ndi mwambo wathu. Lamulungu lililonse tikachapa maovolosi tinkakhala pakhonde mondondozana, aliyense zala m'mwamba, diso limodzi atatsinzina, ngati anthu a mpingo wachilendo. Tinkati tikuona mazenera. Wina ankafuula kuti lake n'lalikulu moti akuona mkazi wake akutunga madzi ku Phalombe. Kalavani ikayandikira, wina ankamwa mkaka wambiri poti akuti umayeretsa mapapo pachithunzi, wina ankatafuna jinja kuti asatsokomole pamaso pa sisitala, wina ankayeserera kuuzira m'botolo kuseri kwa nyumba. Zizindikiro za matenda tinazidziwa kuposa nyimbo za kutchalitchi. Koma sitinaziphunzire kuti tichire ayi, tinaziphunzira kuti tidziwe choti tibise.

Lamulungu lina Zuze anandikodola ndi chigongono.

"Kunyadu, tandionera anga. Maso anga lero muli fumbi."

Ndinayang'ana. Zikhadabo zake zinagundana ndendende, popanda ndi kampata komwe. Nsonga za zala zinali zitafufuma ngati tizibonga, zikhadabo zitapindika ngati msana wa kamba, zikunyezimira. Ndinali ndikudya naye mbale imodzi tsiku ndi tsiku, koma sindinazione mpaka tsiku limenelo.

"Dzuwa lachepa lero," ndinatero.

"Dzuwa la kuno lichepe?" Anaseka, kusekako n'kusanduka chifuwa. Kenako anapisa manja m'thumba.

Kalavani isanabwere, Zuze anamanga katundu. Anapita kumalo ena ang'onoang'ono ophwanya miyala, kumene sapima munthu ndiponso safunsa mapepala. Tonse tinati wachita zanzeru. Nandolo wake anandisiyira ine kuti ndizithirira.

Pamene ndinapeza mpata wokamuona, ndinamupeza atakhala pakireti, msana atatsamira khoma. Anati akagona chagada amabanika, ndiye masiku amenewo ankagona chokhala. Miyendo inali itatupa. Ndinadinikiza chala changa chachikulu pamwamba pa kakolo, ndipo nditachotsa panatsala dzenje ngati m'dothi lonyowa.

"Usandipime, kunyadu, si iwe sisitala," anatero. "Tandiuza, nandolo wabereka?"

Ndinati wabereka kwambiri. Anafunsa ngati ndinkakumbuka kusunga mbewu.

Anzake a kumeneko anamutengera kuchipatala atalephera kuimirira. Madokotala anati chinali chifuwa chachikulu chimene chinakwera pamwamba pa fumbi, ndipo akanabwera pamene zala zinayamba kusintha, panali zambiri zoti achite. Zuze anadutsa m'munsi mwa phiri lathu lija ali m'bokosi, ine ndili kumiyala.

Atapita, linthumbu la pampando lija linandilowa m'thupi monse. Ndinkaona kazenera kanga podzuka, pakudya, ngakhale kuchimbudzi. Kanalipo, koma sindinkakakhulupirira. Ndinakhalabe zaka zingapo ndikudula miyala, chifukwa kumudzi nyumba inali itafoleredwa malata, mwana wathu Tiyamike anali ku sekondale yogonera konko, ndipo munthu sumasiya zinthu zili pakati. Nagama ankanditumizira zithunzi pafoni, za mbuzi, za khomo latsopano, za iye ataima pakhonde manja atakulunga m'chitenje. Ndinkati ndi kuzizira kwa chiperoni, kamvula kathu kowaza kaja. Macheza athu a pafoni anayamba kufupika. Tikangoyankhula pang'ono ankati, "Netiweki yavuta, bambo a Tiyamike," n'kudula. Ine ndinkatukwana a kampani ya mafoni.

Tsiku lina ndinangodzuka mtima uli kumudzi. Ndinakatsanzika kwa kapitawo, ndinakolola nandolo womaliza, ndinakwera basi.

Pa Chonde ndinatsika ndikuyang'anayang'ana. Nagama panalibe. Anatuma uthenga kuti watanganidwa ndi kuphika, ndikwere kabaza. Zinandiwawa pang'ono, poti munthu amene anandisenzera chikwama popita ndinkayembekeza kuti adzandilandira pobwera. Mudzi ndinaupeza utasintha. Alamu anga amene ndinawasiya akukwawa anali ndi ndevu, ndipo amalume aja anali atayamba kuyendera ndodo. Nagama anatuluka m'khitchini akuseka, ataonda, koma ndinati ndi ntchito ya ku esiteti. Anandilowetsa m'nyumba, n'kubwera ndi beseni ndi jagi. Anagwada monga mwa nthawi zonse n'kuyamba kundithira madzi m'manja.

Maso anga anapita kumene amapita. Zala zimene zinagwira jagiyo zinali zala za Zuze.

Madzi anali ofunda, koma ine ndinazizidwa mpaka kumsana. Anali ataphika mpunga ndi nkhuku, ndi nyemba za kwathu za kalongonda pambali, zimene ndinakhala ndikuzilota zaka zonse zija. Ndinadya poopa kumukhumudwitsa, koma kukoma sindinakumve. Ndinachita mantha amene sindinachitepo ngakhale pansi pa mwala wolendewera pa kireni.

Masiku otsatira ndinasanduka mlonda wake. Popita kumjigo ndinkamutsatira ngati ndikungoyenda. Nagama wozima moto uja tsopano ankaima kuti amange bwino chitenje, akayenda pang'ono n'kuimanso kuti apereke moni wautali kwa munthu amene anamuona kale m'mawa, kenako n'kuima kuti ayamikire chimanga cha eni ake. Zimenezo ndinkazidziwa. Ifenso kumiyala, mpweya ukatithera, tinkawerama ngati tikumanga zingwe za jombo. M'mamawa ndinkamumva akutsokomolera m'kansalu kuseri kwa khitchini. Apa m'pamene ndinazindikira kuti netiweki ija sinkavuta.

Tsiku lina atakhala pamphasa akusankha nyemba, ndinamudinikiza pamwamba pa kakolo ngati ndikusewera. Dzenje silinatsale, ndipo mtima unatsikako pang'ono. Anandimenya dzanja.

"Kodi mwabwera kudzandigula ngati mbuzi?"

"Mayi a Tiyamike, tagundanitsani zikhadabo zanu chonchi, ndione."

"Izi ndi zala za tiyi. Pitani ku esiteti mukaone ngati kuli mkazi wa zala zosalala."

Ndinapitadi. Ndinakaima pamsewu nthawi yoweruka, n'kumapereka moni wa padzanja kwa amayi onse otsika ndi madengu. Zala zawo zinali zong'aluka, zakuda ndi utomoni wa tiyi, koma nsonga zake zinali zosongoka ngati za munthu aliyense. Pofika madzulo mbiri inali itamveka kale kuti mwamuna wa Nagama wabwerako ku Joni mutu utasokonekera.

Kuno kwathu mkazi ndi wako, koma akadwala nkhani yake ili m'manja mwa eni mbumba. Ndiye ndinavala malaya abwino n'kupita kwa amalume. Ndinakhala pansi, iwo ali pampando.

"Malume, ndabwera ndi nkhani ya mwana wanu. Sakupeza bwino. Ndimati tipite naye kuchipatala."

"Tikudziwa," anatero. "Tinadziwa kale, inu muli ku Joni mukudya buledi. Koma chifuwa cha mkazi amene mwamuna wake ali kutali sichifuna jakisoni. Limenelo ndi tsempho. Mwamuna akayenda njira zokhota kumeneko, amadula mkazi wake kuno. Inu ululani zimene munachita, tipeze mankhwala, mumwere limodzi."

Magazi anandiwira. "Malume, ine kumeneko ndinkagona ndi amuna anzanga ndi fumbi basi."

"Onse amatero. Mkamwini asamakule mwendo, bambo. Mwanayu ndi wathu. Kuchipatala sapita mpaka za kumudzi zitatha."

Ndinabwerera ndikuyankhula ndekha njira yonse. Nagama anali atamva kale, poti pamudzi mawu amayenda msanga kuposa mwini wake.

"Za tsemphozo ine sindizikhulupirira," anatero osandiyang'ana. "Ndimakudziwani. Miyendo yanu ndi yoyendayenda, koma imayenda pamsewu."

"Nanga bwanji osapita kuchipatala?"

"Amayi anga analowa m'chipatala akuyenda okha, anatuluka atanyamulidwa. Ndiponso akapitawo akangomva kuti ndili ndi chifuwa, dengu langa apatsa wina. Nyengo ya tiyi ndi ino."

"Ine osandiuza bwanji zaka zonsezi?"

"Mukanatani? Mukanasiya ntchito n'kubwera kudzandiyang'ana zala, ngati mmene mukuchitiramu."

Ndinamufotokozera za Zuze, kuyambira pakhonde paja mpaka pakireti. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati Zuze ndi Zuze, iye ndi iye, n'kunyamula nyemba zake.

Masiku amenewo pakhomo sindinkakhazikika. Ndinkayenda wapansi mpaka pa Chitakale popanda chokagula, n'kubwerera. Ndinamasula njinga yonse n'kuimanganso. Ndinakumba dzenje la zinyalala pamene lina linali lisanadzaze. Kumukoka ndi mphamvu sindikanatha, mudzi wonse ukanandiukira, ndiponso Nagama si munthu wokokedwa. Koma tsiku lililonse ndinkaona malo ake opumira panjira ya kumjigo akuchuluka, ndipo ndinkadziwa kumene njira imeneyo imathera.

Chimene chinatithandiza ndi chiperoni. M'mawa wina kukuwaza, ndinkawaza nkhuni kuseri, ndipo chifuwa chinandigwira, chija chouma chimene ndinabwera nacho kumiyala. Ndinatsokomola mpaka kugwira mawondo. Nditaweramuka ndinaona Nagama ataima pakhomo la khitchini, akundiyang'ana ndi maso omwe aja amene ine ndinkamuyang'ana nawo.

"Chifuwa chimenecho mwabwera nacho?"

"Ndabwera nacho."

"Anakupimani liti?"

Ndinamuuza kuti papita nthawi, ndipo kuti chimwalirire Zuze ndimaopa kulowa ndekha m'chipinda cha dokotala. Zimenezo zinali zoona. Sindinaname, kungoti sindinanene zonse.

"Ndiperekezeni," ndinatero.

Analowa m'nyumba kukasintha chitenje. Mkazi kuperekeza mwamuna wake wodwala sikufuna chilolezo cha malume.

Tinakwera kabaza mpaka pamsewu, kenako minibasi yopita ku chipatala cha Mishoni. Njira yonse ndinkakonza mawu oti ndikamunong'oneze dokotala, n'kumawagwetsa, n'kumawakonzanso. Tinapeza dokotala wamkazi, wamng'ono moti akanakhala mkulu wake wa Tiyamike. Anandivulitsa malaya, Nagama n'kuwalandira, n'kukhala nawo pabenchi atawafumbata pamiyendo. Dokotala ananditsitsa chikope, anandigogoda pamsana, anandiika kachitsulo kozizira kaja. Zikhadabo ndinagundanitsa asanandiuze, iye n'kuseka kuti kodi ndinaphunzira kuti. Anati kazenera kalipo, koma m'chifuwa akumvamo tinthu tofunika kujambula, ndipo kaya chithunzi chinene chiyani, kufumbi ndisabwererenso.

Anawerama kuti alembe. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambe mawu anga aja, koma ndinaona kuti cholembera chaima. Maso ake anali pa manja amene anafumbata malaya anga.

"Mayi, malayawo taikani pambali. Ndione nawo manja anu."

Nagama anatembenukira kwa ine. "Mwapangana eti?"

"Sitinapangane, mayi," anatero dokotala. "Bambowa ndawaona lero. Manja anuwo ndi amene andiitana. Chifuwa chinayamba liti?"

"Ndani wati ndili ndi chifuwa?"

"Palibe. Koma ndiloleni ndimvere, mukapanda kufuna zinazo mudzakana."

Mwina chifukwa anali mkazi mnzake, mwina chifukwa anafunsa mwaulemu, Nagama anamasula bulauzi n'kutembenuka. Dokotala anayala dzanja pamsana pake n'kuyamba kugogoda, kuchokera m'mwamba kutsika m'munsi. Mbali ya kumanja inalira ngati chigubu. Anasamukira kumanzere. M'mwamba munayankha pang'ono, koma atatsika m'munsi munangoti phi, ngati akugogoda thumba la mchenga wonyowa. Ine ndinamva. Dokotala anaona kuti Nagama wadzidzimuka.

"Mwamva, mayi? Tamverani nokha." Anagogodanso uku, kenako uku.

Zimene ine ndinalephera ndi mawu masabata onse aja, zinatheka ndi zala ziwiri. Nagama anamva chifuwa chake ndi makutu ake. Anaweramitsa mutu n'kunena motsitsa, "Mbali imeneyo ndi imene imandibaya ndikapuma." Kenako zonse zinatuluka, thukuta la pogona, magazi amene anaonapo m'kansalu, masiketi amene anawabweza m'chiuno ndi singano kuti anthu asaone.

Anamutenga makhololo, anamujambula, anatiyeza magazi tonse awiri. Chinali chifuwa chachikulu, chimene chinakhalitsa mpaka kuononga mbali ina ya phapo. Dokotala akufotokoza za mankhwala, ine ndinamudula ndi funso limene linali pakhosi panga chifikire.

"Adokotala, kazenera kakatsekeka chonchi, si ndiye kuti zatha?"

"Anakuuzani ndani zimenezo? Zala zimangonena kuti m'kati muli vuto lakale. Vutolo ndi limene tikuchiza, ndipo mankhwala ake alipo. Mwachedwa ndithu, koma mwafika nthawi ikadalipo."

Anali mawu omwe aja a sisitala wa m'kalavani, amene tinawataya panjira. Ndinatuluka panja ngati ndikukafuna madzi, ndinakaima kuseri kwa mtengo n'kulira. Ndinalirira Zuze, amene anathawa kalavani yomwe ikanamupulumutsa, ife tikumuombera m'manja.

Mankhwala anali a miyezi yambiri, kumwa tsiku lililonse osadumphitsa. Poyamba ankamufooketsa moti ankati bola chifuwa chija. Dengu lake ku esiteti anapatsadi wina. Ine ndinasanduka wotunga madzi. Amayi a pamjigo ankandiseka kuti mkamwini wa ku Joni wabwera ndi digiri ya ndowa, ine ndinkawayankha kuti asandichedwetse, ndili pantchito. Amalume anakhala nthawi osaponda pakhomo pathu. Tsiku lina anangotulukira ndi nanazi ziwiri, anakhala pakhonde, anayang'ana mwana wawo akudya phala mbale yonse, n'kunena kuti chaka chino mvula yabwera bwino. Za tsempho sanatchulenso, inenso sindinawakumbutse.

Pang'onopang'ono masaya anabwerera. Malo opumira panjira ya kumjigo anayamba kuchepa, chimanga cha eni ake chinasiya kuyamikiridwa. Pomaliza anamuyezanso makhololo n'kunena kuti kachilombo ka chifuwacho katha, ngakhale kuti chipsera cha m'phapo adzakhala nacho. Zala zokha sizinasinthe. Ndinkaziyang'ana mobisa akamasenda chinangwa, iye n'kumati, "Nkhope yanga ili kuno, bambo a Tiyamike."

Ndiye foni inalira. Anali anzanga a kumiyala. Anati kwatsegulidwa malo atsopano, akufuna anthu odziwa makina odulira, ndipo dzina langa alitchula kale kwa bwana. Ndinati ndiganize. Mawu a dokotala ndinkawakumbuka bwinobwino, koma miyendo ilibe makutu. Ndinayamba kuzungulira pabwalo, kukonza mpanda wosathyoka, kuyang'ana kumsewu minibasi ikalira. M'mawa wina ndinatulutsa chikwama changa chija n'kuchiyanika pachingwe, ndikuti chichoke fungo la nkhungu.

Nagama anali pakhonde. Chiperoni chinali chitangotha, phiri likuoneka lonse mpaka pamwamba. Anayang'ana chikwamacho, anandiyang'ana ine.

"Tabwerani kuno, a linthumbu. Khalani pansi. Tiyeni tione mazenera, poti ndiwo mpingo wanu."

Chiyambire anali asanavomerepo. Ndinakhala pambali pake. Anagundanitsa zikhadabo zake n'kuzikweza kuloza kuphiri, diso limodzi atatsinzina. Panalibe kuwala ngakhale pang'ono.

"Langa ndi limenelo. Lanu?"

Ndinakweza zanga. Kambewu ka mpunga kaja kanalipo.

Anagwira chala changa cha mkombaphala, n'kugundanitsa chikhadabo changa ndi chake, msana ndi msana, n'kukweza manja athu onse awiri. Anasuzumira nthawi yaitali, kenako anandikokera mutu kuti nanenso ndione. Kuwala kunkalowa, kochepa, theka la kazenera, mbali yanga yokha.

"Mwaona? Langa linatsekeka, koma likatsamira lanu ndikutha kuona kunja. Ndiye mukalitengera kufumbi kuja nalonso likatsekeke, ine ndizionera pati?"

Ndinadzuka, ndinakachotsa chikwama pachingwe n'kuchibwezera m'nyumba. Pano timasungiramo mbewu ya nandolo wa Zuze, amene wadzaza munda wa kuseri. Miyendo imayabwabe, sindiname. Ikayabwa kwambiri ndimanyamula ndowa n'kulowera kumjigo, Nagama ali patsogolo, ine ndikumuthamangira m'mbuyo.